Magazi akuti ilipo, chithunzi chikuti palibe: kujambula khansa ya chithokomiro ya medullary

Azakhali anga a ku Chibavi anawachotsa chithokomiro chonse chaka chatha atawapeza ndi khansa. Bala linapola bwino, mawu anabwerera, ndipo anayambiranso kugulitsa nthochi zawo. Patatha miyezi itatu anakayezetsa magazi, pepala n'kubwera ndi nambala imene dokotala sanaikonde. Sabata yomweyo anawajambula pakhosi, koma sanapezepo kanthu.

Madzulo ake tinali titazungulira mbaula, kunja kukuwaza kamvula kathu ka kuno ku Mzuzu. Bambo anga aang'ono anati, "Achemwali, ngati makina sanaone kanthu ndiye kuti mwachira basi." Msuweni wanga, foni ili m'manja, anati, "Amayi, bwanji osapempha mankhwala a ayodini aja? Pa Facebook anthu akuti khansa ya chithokomiro imathera pomwepo." Azakhali ananditembenukira n'kunena kuti, "Mwanangu, iwe umakonda kuwerenga. Ndikhulupirire ziti, magazi kapena chithunzi?"

Tsiku limenelo ndinalibe yankho logwira mtima. Lero ndili nalo, ndipo n'lakuti magazi ndi chithunzi zonse zinkanena zoona. Kuti zimveke, tiyenera kuyamba ndi mtundu wa khansa imene azakhali anali nayo.

Si chithokomiro chimene tinachizolowera

Ife tikati chithokomiro timaganiza za khosi lotupa, lija linkaoneka kwambiri kumadera a kumapiri mchere wokhala ndi ayodini usanafale. Komatu munthu aliyense ali nacho chithokomiro. Ndi kachiwalo kofewa kokhala kutsogolo kwa khosi, kokumbatira kholingo mbali zonse ziwiri ngati mapiko a gulugufe. Ntchito yake yaikulu ndi kutenga ayodini wa m'zakudya n'kupanga timadzi timene timayendetsa liwiro la thupi: kugunda kwa mtima, kutentha, mphamvu.

M'kati mwake muli magulu awiri a maselo. Ochuluka ndi amene amagwira ntchito ya ayodini ija, ndipo khansa zambiri za chithokomiro zimachokera mwa amenewa. Koma pakati pawo pamwazikana maselo ena ochepa, otchedwa maselo a C. Awa alibe nazo ntchito za ayodini. Amapanga timadzi tina totchedwa kalisitonini. Khansa ikayambira mwa maselo a C amenewa ndiyo imatchedwa medullary. Ndi yosowa: mwa anthu 100 alionse odwala khansa ya chithokomiro, osapitirira 5 ndi amene amakhala ndi mtundu uwu. Madokotala atatu a ku America, Hazard, Hawk ndi Crile, ndi amene anaifotokoza ngati matenda apaokha mu 1959. Kale ankangoisokoneza ndi zinzake.

Imayamba ngati kachotupa kolimba, kosapweteka. Ena mawu amasasa, ena amavutika kumeza, ndipo ikakula ena amatsegula m'mimba kwa miyezi osadziwa kuti gwero lake lili pakhosi. Imafulumira kulowa mu anabele a m'khosi, tizigawo tija timasefa tizilombo ndipo timatupa munthu akakhala ndi chilonda. Kwathu kuno mwanabele wa m'khosi amaganiziridwa kaye TB, ndipo m'pomveka chifukwa TB ndi yofala kwambiri kuposa khansayi. Koma chotupa chimene sichikusintha ndi mankhwala chiyenera kuonedwanso.

Utsi umaonekera m'magazi

Akuluakulu amati utsi sufuka popanda moto. Pa khansa iyi utsi ndi kalisitonini. Maselo a khansa sasiya ntchito ya makolo awo. Amapitiriza kuthira kalisitonini m'magazi, ndipo akachuluka nambala imakwera. Palinso chizindikiro china cha m'magazi chotchedwa CEA, chimene amachiyeza limodzi ndi kalisitonini.

Tsono chithokomiro chonse chikachotsedwa, maselo a C sayenera kutsala. Kalisitonini ayenera kutsika mpaka osapezeka. Ngati pakatha miyezi itatu akupezekabe, ndiye kuti penapake pali maselo amene anatsalira. Magazi sanena kuti ali kuti. Amangonena kuti alipo. Kupeza pamene pali motowo ndi ntchito ya makina ojambula, ndipo nambala ya kalisitonini ndi imene imauza dokotala kuti ajambule pati komanso ndi makina ati.

Bungwe la madokotala a chithokomiro la ku America, American Thyroid Association, linalemba malangizo mu 2015 amene madokotala a m'mayiko ambiri amatsatira. Muli nambala ziwiri zoyenera kuzidziwa. Opaleshoni isanachitike, kalisitonini akapitirira 500, pamafunika kujambula kupyola pakhosi, mpaka pachifuwa, chiwindi ndi mafupa. Opaleshoni itachitika, malire ake ndi 150: akapitirira pamenepo, kufufuza thupi lonse kumayambika. Akakhala pansi pa 150, kawirikawiri zotsalirazo zimakhala zazing'ono ndipo zimakhala m'khosi momwemo. Pa pepala la zotsatira, nambalayi imatsatizana ndi zilembo zakuti pg/mL. Ya azakhali inali pansi pa 150.

Sikani ya pakhosi

Makina oyamba nthawi zonse ndi sikani, yofanana ndi ija amaunikira amayi oyembekezera. Ndinawaperekeza azakhali ulendo wachiwiri ndipo anandilola kukhala pakona. Anawagoneka chagada, n'kuika pilo pansi pa mapewa kuti mutu upendekere kumbuyo, khosi litambasuke. Wojambula anafinyira mafuta oterera pakhosi, azakhali n'kunjenjemera chifukwa mafutawo anali ozizira ngati madzi a m'mamawa mu June. Kenako anayamba kuyendetsa kachipangizo kooneka ngati chofufutira bolodi, pang'onopang'ono, kuchokera pansi pa khutu kutsika mpaka pa fupa la pamwamba pa chifuwa, mbali iyi kenako inayo. Nthawi ndi nthawi ankaima, kudina batani, n'kuyeza kanthu kakang'ono kotuwa pa sikirini. "Mayi, musameze kaye malovu," anatero kangapo.

Kachipangizoko kamatumiza phokoso losamveka ndi khutu, phokosolo limagunda ziwalo n'kubwerera, monga mawu amabwerera ukafuula kuyang'anizana ndi phiri. Kompyuta imasandutsa zobwererazo kukhala chithunzi. Palibe cheza choopsa ngati cha X-ray, choncho munthu angajambulidwe kambirimbiri, ngakhale woyembekezera. Ndipo pa zinthu za pafupi ndi khungu, monga anabele a m'mbali mwa khosi, sikani imaona bwino kwambiri.

Wojambula amayang'ana maonekedwe. Mwanabele wabwinobwino amakhala wautali ngati nyemba, ndi kamzere kowala pakati. Wokayikitsa amakhala wobulungira, kamzere kaja katasowa, nthawi zina ndi timadontho towala ngati mchenga. Pa chithokomiro chenicheni, chotupa chakuda kwambiri pa sikirini, cholimba, cha m'mphepete mosasalala, chimadetsa nkhawa. Komabe sikani siingatchule dzina la khansa. Medullary ndi mitundu ina zimafanana pa chithunzi.

N'chifukwa chake pamabwera singano. Dokotala amalowetsa singano yopyapyala m'chotupacho akuyang'ana pa sikirini, n'kukoka timaselo tochepa tokaunika ku labotale. Pa khansa iyi, kuyang'ana maselo kokha kumazindikira pafupifupi theka la odwala. Enawo zotsatira zimabwera zosamveka. Pali njira yothandizira imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri: amatsuka singanoyo ndi timadzi, n'kuyeza kalisitonini m'timadzito. Akapezeka wochuluka, ndiye kuti singano inabaya maselo a C.

Kufooka kwa sikani n'kwakuti phokoso silidutsa fupa kapena mpweya. Kuseri kwa fupa la pachifuwa, kuseri kwa kholingo ndi m'mapapo, sikani ndi yakhungu. Komanso zotsatira zake zimadalira diso ndi dzanja la wojambula.

CT, MRI ndi kujambula mafupa

Khansa ya medullary ikachoka pakhosi imakonda malo atatu: mapapo, chiwindi ndi mafupa. Malo alionse ali ndi makina amene amawaona bwino.

CT ndi X-ray yozungulira. Munthu amagona pa kabedi kamene kamalowa m'chibowo chachikulu, makina n'kumujambula m'magawo opyapyala, ngati mmene amadulira buledi, kuti chidutswa chilichonse chionedwe pachokha. Zimatenga mphindi zochepa. Pa mapapo ndi anabele obisala pakati pa chifuwa, CT ndi imene imadaliridwa. Kawirikawiri amabaya mankhwala owalitsa mumtsempha; munthu amamva kutentha kukuyenda thupi lonse, ena amamva ngati akodzedwa pamene sanatero. Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndiye amayamba ayeza kaye impso. Amene ali ndi pakati, amene amamwa metformin wa shuga, ndi amene anadwalapo atabayidwa mankhwalawa ayenera kunena asanagone pa kabediko.

Chiwindi ndiye chovuta. Zotupa za khansa iyi m'chiwindi zimakhala zing'onozing'ono, zomwazikana ngati mapira, ndipo zimamwa magazi msangamsanga. Mankhwala owalitsa akalowa, zimawala kwa kanthawi kochepa kenako zimafanana ndi chiwindi chonse. Wojambula akachedwa ndi masekondi ochepa, sizioneka. N'chifukwa chake dokotala amalemba kuti chiwindi chijambulidwe katatu pa jakisoni mmodzi, pa nthawi zosiyana. CT ya pamimba yojambulidwa mwachizolowezi ingathe kunena kuti chiwindi chili bwino pamene sichili bwino. Mfundo imeneyi ndi imene ndingakonde aliyense woperekeza wodwala aidziwe, kuti pepala lopita kwa wojambula linene momveka kuti akufufuza khansa ya medullary.

MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu, osati cheza cha X-ray. Imaona bwino chiwindi komanso m'kati mwa mafupa a msana ndi a m'chiuno. Imatenga nthawi, mwina theka la ola kapena kuposa, munthu ali phee m'kampata kopanikiza, makina akugogoda ngati chigayo. Zitsulo zonse zimatsala panja, ndipo amene anamuika chitsulo kapena kachipangizo m'thupi ayenera kunena.

Palinso kujambula mafupa onse nthawi imodzi. Amabaya mankhwala okhala ndi cheza chochepa, munthu n'kudikira maola awiri kapena atatu, ndipo mankhwalawo amaunjikana pamene fupa likudzikonza. Vuto lake n'lakuti nyamakazi ndi fupa limene linathyokapo kale zimawalanso, choncho zimene zaoneka amazitsimikizira ndi MRI.

Za ayodini uja

Msuweni wanga sananame. Pa khansa zofala za chithokomiro, ayodini wokhala ndi cheza ndi chida chabwino zedi. Wodwala amamwa, maselo a khansa amamuyamwa kulikonse kumene abisala chifukwa ndi chakudya chawo, ndipo kamera imawaona. Mlingo ukakhala waukulu, amawaotcha. Kujambula ndi kuchiza zimayendera limodzi.

Koma maselo a C sadya ayodini. Kuwapatsa kuli ngati kutchera mbewa ndi nyambo imene siidya. Msampha umakhala chitcherere. Ndiye pa khansa ya medullary njira imeneyi siithandiza, pojambula kapena pochiza. Wodwala akapanda kupatsidwa ayodini si kuti amumana, kapena kuti madokotala aiwala. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa m'magulu a pa intaneti odwala mitundu yosiyana amalangizana ngati akudwala chimodzi.

PET ndi nyambo zake zitatu

Popeza ayodini sagwira, akatswiri anafunafuna nyambo zina. Makina amene amagwiritsa ntchito nyambozi amatchedwa PET, ndipo masiku ano amalumikizidwa ndi CT. CT imaonetsa maonekedwe a chinthu; PET imaonetsa zimene chinthucho chikudya.

Nyambo yofala kwambiri ndi shuga wokhala ndi cheza, wotchedwa FDG. Khansa zambiri n'zosusuka, zimathamangira shuga ngati nyerere, ndipo zimawala pa chithunzi. Medullary nthawi zambiri imakula pang'onopang'ono ndipo ilibe dyera lotere, choncho FDG imaiphonya kawirikawiri. Imayamba kuiona bwino pamene khansayo yalusa. Motero FDG ikawala kwambiri, imauzanso dokotala kuti matenda asintha khalidwe.

Nyambo yachiwiri ndi DOPA, chinthu chimene maselo a C amachikoka mwachibadwa. Pa khansa yobwerera pambuyo pa opaleshoni, iyi ndi imene yasonyeza kuti imapeza zambiri, makamaka kalisitonini akapitirira 150. Yachitatu ndi DOTATATE, imene imagwira ngati kiyi pa loko: imamatirira pa tizitseko tina timene tili pa khungu la maselo ena a khansayi. Si odwala onse amene maselo awo ali ndi tizitseko timeneti. Amene ali nato, nthawi zina angathe kulandira mankhwala a cheza odutsa pa khomo lomwelo.

Funso limene anthu amafunsa n'lakuti, bwanji boma kapena zipatala sizingogula makinawa n'kuwaika paliponse? Mtengo ndi chifukwa chimodzi, koma china ndi nthawi. Cheza cha mu FDG ndi DOPA chimatha mphamvu ndi theka pa mphindi 110 zilizonse. Tiyerekeze kuti mankhwalawo apangidwa ku Lilongwe n'kukwezedwa basi ya ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 350. Pakatha maola asanu ndi theka, pa magawo 8 pamatsala gawo limodzi lokha. Usipa wauwisi wochokera ku Nkhata Bay umapirira kuposa pamenepo. Choncho makina a PET amayenera kukhala pafupi ndi fakitale yopanga mankhwala ake, ndipo fakitaleyo imafuna magetsi osazimazima ndi akatswiri ake. Mizinda ngati Johannesburg ndi Nairobi ili nazo zonsezi. Kwa banja la kuno, PET ingatanthauze pasipoti, ndege ndi malo ogona.

Pa nkhaniyi madokotala enieniwo amasiyana maganizo. Malangizo a ku America aja sanaike PET patsogolo opaleshoni isanachitike, pamene akatswiri ambiri a ku Ulaya amaikonda DOPA khansa ikabwerera. Ena amati kupeza kachotupa msanga kumapereka mwayi wokachotsa. Ena amati tizotupa tating'ono tambiri timakhala zaka osakula, ndipo kubwereza opaleshoni pakhosi kuli ndi ngozi zake, monga kuwononga mtsempha wa mawu. Funso lothandiza banja lisanagulitse munda kapena ng'ombe n'lakuti, "Adokotala, chithunzi chimenechi chikapeza kanthu, chithandizo chisintha bwanji?"

Akati "sitinapeze kanthu"

Aliyense amene anasungapo chimanga amadziwa anankafumbwe. Umayamba kuona kaufa pansi pa thumba, thumba lili lomanga bwinobwino, chimanga chapamwamba chikuoneka chabwino. Kaufako sikanama, ndipo maso akonso sakunama. Tizilomboto tangochepa kwambiri.

Ndi mmene zinalili ndi azakhali. Makina alionse ali ndi malire. Kanthu kochepera mamilimita ochepa sikaoneka, pamene magazi amamva ngakhale maselo ochepa kwambiri. Anthu ambiri amakhala zaka zambiri, akugwira ntchito zawo, kalisitonini akupezeka koma zithunzi zili zoyera. Pa nthawi imeneyi chimene dokotala amayang'ana si nambala imodzi ayi, koma liwiro lake: zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti nambalayo iwirikize kawiri? Ikamatenga zaka zoposa 2, matenda akuyenda pang'onopang'ono ndipo kuyeza magazi ndi sikani ya pakhosi miyezi 6 kapena 12 iliyonse kumakwanira. Ikawirikiza miyezi 6 isanathe, pamafunika kufufuza mwamphamvu. Kuti liwiroli liwerengeke pamafunika zotsatira zingapo, ndipo ndi bwino kuyezetsa ku labotale imodzimodzi chifukwa makina osiyana amapereka nambala zosiyanako.

Zithunzi nazo zimayerekezedwa, cha lero ndi cha chaka chatha. Wodwala wochokera ku Chitipa, Karonga kapena Rumphi amatumizidwa ku Mzuzu Central, ndipo mwina kuchoka apo n'kupitanso ku Lilongwe. M'maulendo otere mapepala amatayika mosavuta. Pemphani lipoti lolembedwa ndi disiki ya zithunzi, jambulani lipotilo pa foni, ndipo musalole kuti kabuku kachipatala kakadzaza katayidwe. Khansa ikapezeka kuti yafalikira ndipo ikukula, alipo mankhwala akumwa oichedwetsa, monga vandetanib amene anavomerezedwa ku America mu 2011, cabozantinib mu 2012 ndi selpercatinib mu 2020, ndipo zithunzi zoyerekezedwa zija ndi zimene zimasonyeza ngati akugwira ntchito.

Matenda a mtundu

Pali kujambula kwina kumene kumadabwitsa anthu: munthu wabwera ndi chotupa pakhosi, dokotala akufunsa za impso. Chifukwa chake n'chakuti mwa odwala 4 alionse a khansa iyi, mmodzi amakhala kuti anachita kutengera kwa makolo. Vuto limakhala mu jini yotchedwa RET, kachidutswa ka malangizo achibadwa kamene akatswiri anakagwirizanitsa ndi matendawa mu 1993. Kholo likakhala ndi vutoli, mwayi woti mwana aliyense alitengere ndi theka. M'mabanja otere muthanso kumera chotupa pa tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, chimene chimakweza BP modzidzimutsa, ndi mutu, thukuta ndi mtima kuthamanga. Munthu wotere akagonekedwa pa opaleshoni ya pakhosi chotupacho chisanadziwike, BP ingathe kukwera mpaka kumupha. Ndiye amayamba ayeza magazi kapena mkodzo, ndipo akakayikira amajambula pamwamba pa impso ndi CT kapena MRI. Chikapezeka, chimayamba kuchotsedwa n'chimenecho.

Kwa ana a m'banja lotere, chofunika choyamba si makina ojambula koma kuyeza jini. Mwana amene watengera angathe kuchotsedwa chithokomiro khansa isanayambe, ena asanakwanitse zaka 5, ndipo pa mtundu woopsa kwambiri asanathe chaka chimodzi. Amakula bwinobwino akumwa kapiritsi kamodzi tsiku lililonse kolowa m'malo mwa timadzi ta chithokomiro.

Dokotala atawafunsa azakhali za mbiri ya kwathu, anayankha kuti palibe anadwalapo khansa. Ali m'minibasi pobwerera ndi pamene anakumbukira bambo awo, agogo anga, amene ankagwidwa mutu ndi thukuta mwadzidzidzi ali kumunda, ndipo anamwalira asanakalambe. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanangu, ulembe zimenezi m'kabuku, ndikawauze ulendo wamawa." Ndinalemba pansi pa nambala ziwiri za kalisitonini zimene zilimo kale. Yachitatu akayezetsa mwezi wamawa, ndipo bambo aang'ono anena kuti awaperekeza okha.